Njinga Yanga ndi Masamba a Pamsewu

Njinga yanga imalira ndi phazi. Ilibe kabatani kodina ngati tinjinga ta masiku ano. Uyenera kuikwera, kuimirira pa kiki ndi mwendo wamanja, n'kugwetsa thupi lonse pansi. Ikalira, msewu wonse ndi wako. Ikakana, ndi chitsulo cholemera ngati ng'ombe, ndipo iwe ndiwe munthu wongoima padzuwa. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa moyo wanga wonse wa pamsewu unatsamira pa bondo limodzi, ndipo bondo limatha.

Ndinaipeza m'tauni ina ya fumbi lofiira, kuseri kwa dibi la ng'ombe, pakhonde pa a Likongwe. Bambo amenewa anayenda nayo zaka zawo zonse akubaya ng'ombe jakisoni m'midzi, ndipo iwonso anaipeza kwa mlendo wina wodutsa maiko. Ine ndinapita kumeneko kukakonza makina osokera a akazi awo, poti ntchito yanga ndi imeneyo, kudzutsa makina a atelala. Makinawo ndinawakonza maso ali panja.

Inali yakuda, ya thanki yaikulu yokhala ndi mzere wachikasu wozilala. Chishalo chake chinali chotambalala, m'mbali muli mabokosi awiri a malata, kutsogolo nyali imodzi yaikulu ngati mbale. Amene anaipanga sankaganiza zopita kumsika n'kubwerako. Ankaganiza za munthu wochoka m'mawa osadziwa kumene akafike.

"Mwaiona, achimwene?" anandifunsa a Likongwe.

"Ndaiona, bambo."

"Aliyense amaiona. Koma imadya bondo imeneyo. Langa yamaliza, ndiye yangokhala apo ikundiyang'ana."

Zimene tinagwirizana ndi za ife awiri. Anandiphunzitsa kuiliza atakhala pampando, akuloza ndi ndodo. Umapondereza kiki pang'onopang'ono mpaka ilimbe, pamenepo ndi pamene injini yagwira mpweya. Umaidutsitsa pang'ono chabe, n'kubweza phazi m'mwamba. Kenaka sukankha ndi mwendo ayi, umagwa. Ukachita mantha uli pakati, njinga imadziwa, imabweza kiki n'kukumenya mpaka m'chiuno. Masana onse inandimenya, a Likongwe akuseka mpaka kutsokomola, ndipo dzuwa litapendeka inalira.

Ponyamuka anandigwira mkono. "Mukapeza masamba pamsewu, muzimitse. Osati kuchepetsa moto ayi. Muzimitse, mutsike, muvule chipewa. Ili ndi mawu aakulu iyi, pamaliro si pake."

Ankanena nthambi zija anthu amayala pamsewu m'mudzi mukagwa maliro, zina kolowera, zina kotulukira, kuti wodutsa adziwe. Ndinavomera msanga, poti kwa munthu wa mawondo awiri abwino lamulo limenelo linali lopepuka. Lamulo lina ndinadziikira ndekha ndisanatuluke n'komwe m'taunimo, loti pa kiki ya njinga iyi sipadzaponda phazi la munthu wina.

Zaka sindizikumbuka bwino, ndimakumbuka misewu. Kulira kwa njinga imeneyi sikuthamanga. Kumagunda motalikirana, du, du, du, ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, ndipo ukaika giya yomaliza kumatsika n'kukhazikika m'chifuwa mwako. Sinali yaliwiro, inali yosatopa. Magalimoto atsopano ankandipitirira m'mawa, masana n'kuwapeza pansi pa mtengo atatsegula boneti. Ndinkawakwezera dzanja mwaulemu wonse, kuti ziwawawe bwino. M'bokosi lamanzere munkakhala zida za makina osokera, lamanja masipanala ndi bulangeti, ndipo ndinalibe china chimene ndinkachisirira padziko.

Masamba oyamba ndinawapeza m'mudzi wa nthochi zambiri. Ndinazimitsa, ndinatsika, ndinavula chipewa, n'kuyamba kukankha. Injini ikamazizira imalira tiki, tiki, ndipo kupatula pamenepo ndinkamva nyimbo ya amayi yochokera kunyumba ya siwa. Amuna okhala pansi pa mtengo anandigwedezera mitu. Nditadutsa masamba otulukira ndinagwa pa kiki kamodzi, njinga n'kuyankha. Kunena zoona ndinkakondwa nako kuzimitsako, chifukwa kunkandipatsa mpata woonetsa anthu mmene mwamuna amalizira njinga.

M'tauni ina ya m'mbali mwa mtsinje gudumu lam'mbuyo linayamba kuvina. Anandilozera kwa Che Twaibu, mkulu woluka masipoko, amene ankagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mzikiti. Iye sankayang'ana gudumu ngati ife tonse. Ankagogoda sipoko iliyonse ndi kasipanala, khutu lili pafupi, yolira mogontha n'kuimanga, yolira mokweza n'kuimasula pang'ono, mpaka zonse zitalankhula mawu amodzi. Ndinati ndikhale tsiku limodzi, koma nyengo yonse ya mvula inatha ndili pomwepo, m'mawa ndikukonza makina a atelala, masana ndikugogoda masipoko. Khutu limene ndinaphunzira kumeneko ndi limene ndimamvera nalo makina osokera mpaka lero.

Gudumu litawongoka, Che Twaibu anapukuta m'manja n'kuzungulira njinga ija pang'onopang'ono.

"Tandilolani ndiilize kamodzi kokha, bwanawe. Ndimve mmene imayankhira."

"Pepani, Che Twaibu. Imeneyo imadziwa phazi limodzi."

"Gudumu mwandipatsa, kiki mukundikaniza? Phazi lanulo ndi lagolide?"

Anaseka, inenso ndinaseka, koma kiyi ndinaika m'thumba.

Nangondo ndinakumana naye pakhonde la sitolo, m'tauni ya chigayo chosagona. Anali telala wa pakamwa pakuthwa, ndipo makina ake ankadula ulusi. Ndikukonza, iye ankandiuza kuti wokonza wina anabwerapo kale ndipo naye ankatukula mphuno chimodzimodzi. Ponyamuka m'tauni imeneyo, mutu wa makina ake unali utamangidwa pakaliyala, mwini wake ali kumbuyo kwanga. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti njinga ija inapangidwira anthu awiri. Kumbuyo kunaleka kudumpha, pokhota inkagona yokha, ndipo kulira kwake kunazama.

Tinayenda limodzi nyengo zingapo. Tikapeza masamba ankatsika ndisanamuuze, n'kumanga bwino chitenje, n'kumakankha kumbuyo. Ankayimba nawo chapansipansi nyimbo iliyonse yochokera kusiwa, ya mpingo uliwonse, ndipo nthawi zina ankandisiya pamsewu n'kukakhala kaye ndi amayi anzake ngati womwalirayo ndi mbale wake. Ine ndinkadikira ndikupukuta thanki.

M'tauni ina ya sukulu zambiri anapeza khonde labwino ndi mayunifolomu osatha kusoka. Anati akhala pamenepo. Ine ndinkapita n'kumabwera, kupita n'kumabwera, ndipo poti njinga iyi ikatentha imavuta kuliza, nthawi zambiri ndinkamutsanzika ndili pachishalo, injini ikugunda. Tsiku lina anaika dzanja pa nyali n'kundiyang'ana.

"Akufa mumawazimitsira injini," anatero. "Ine wamoyo mumanditsanzika ikulira."

Ndinaika giya n'kunyamuka. Ulendo wina nditabwera ndinapeza pakhondepo pali telala wamwamuna wosandidziwa. Zinandipweteka kwambiri. Kwa nyengo yaitali ndinkalankhula pokhota, kuiwala kuti kumbuyo kulibe munthu.

Kenaka misewu inadzaza ndi tinjinga ta kabaza, tolira ngati udzudzu. Anyamata ake ankandiitana kuti madala, ndipo ndikaima pamsika ankandizungulira, wina kugwira thanki, wina kugwada kuti aone injini. Ankaisirira, ngakhale ankabisa ndi nthabwala. Mmodzi anandiuza kuti akudziwa wowotcherera zitsulo amene angachotse injini yakaleyo n'kuikamo yatsopano ya kabatani. Ndinamufunsa ngati agogo ake atadwala mtima angalole kuti awaikire wa nkhuku. Pamasamba ambiri a iwo sankazimitsa, ankangochepetsa moto n'kumadutsa mapazi akukhweshereza pansi. Sindiwaweruza, kumbuyo amakhala ndi munthu wothamangira basi kapena chipatala.

Bondo linayamba m'mawa wina wozizira m'dziko la nkhungu. Ndinagwa pa kiki monga mwa masiku onse, koma penapake m'kati mwanga munadutsa kukayika, ndipo njinga inamva. Inandimenya mmene sinandimenyerepo chichokere kwa a Likongwe. Bondo linatupa, linaphwa, linatupanso. Dokotala wina wa pachipatala chaching'ono analipinda, n'kuliwongola, akumvetsera kukukuta kwake.

"Latha ngati sopo ili, bambo. Likamenyedwanso mudzayendera ndodo."

"Nanga njinga?"

"Njinga muisiye."

Ndinathokoza, n'kutuluka, n'kukankhira njinga pamtsetse wa kuseri kwa chipatalacho. Pamenepo ndi pamene ndinaphunzira ntchito yanga yomaliza, yoliza njinga popanda phazi. Umaiika pa giya yachiwiri, kugwira kilatchi, kuisiya itsetsereke, ikathamanga n'kutaya kilatchi, ndipo imatsokomola n'kudzuka yokha.

Ndinasanduka munthu wa m'mapiri. Malo ogona ndinkasankha poona mtsetse, osati bedi. Atelala a pamtunda anali ndi mwayi, makina awo ankayenda bwino kuposa kale, pamene a kumalo athyathyathya anandiiwala. Ndikapeza masamba ndinkazimitsabe, koma pokankha maso ankakhala kutsogolo, ndikufunsa mumtima ngati msewu ukatsike kapena ukakwere. Ukakwera ndinkakankha mpaka pamwamba, ndikupuma pamtengo uliwonse, malaya atanyowa. Midzi ya m'mapiriyo inayamba kufanana m'mutu mwanga, nyimbo yomweyo, mtengo womwewo, amuna omwewo akugwedeza mitu, kungosiyana kutalika kwa chitunda.

Koma njinga sinkasangalala. M'mapiri ndi giya yoyamba ndi yachiwiri tsiku lonse, kukhota apa, kugwira buleki apo. Inkatentha, pulagi inkada, ndipo giya yomaliza inali itaiwalika. Ndinkaimvera chisoni ngati galu wosaka amene wamangidwa pakhonde. Tsiku lina ndili pamwamba pa phiri ndinaona chigwa chitayalika pansi, chachikulu, msewu utachidula pakati mowongoka mpaka kumapiri ena obiriwira kutsidya. Ndinadzaza thanki mpaka kukhosi. Ndinadziuza kuti ndiwoloka chigwacho osaima, osamwa madzi, osapatsa munthu moni, ndipo ndikazimitsira pamtsetse woyamba wa kutsidyako.

Sindidzaiwala mmene inayendera m'mawa umenewo. Nditaika giya yomaliza inapuma mpweya wautali n'kukhazikika. Minda ya thonje inkadutsa mbali zonse, milambe ikubwera n'kumatsalira m'mbuyo, mphepo yotentha ikulowa m'manja mwa malaya. Bondo ndinaliiwala. Ndinkaseka ndekha m'chipewa, munthu wa imvi.

Dzuwa lili paliwombo msewu unasanduka mchenga, n'kulowa m'mudzi, ndipo kutsogolo ndinaona masamba.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Dziko linali lathyathyathya ngati mphasa, popanda ngakhale chulu. Wakabaza wina anandipitirira, anachepetsa moto, n'kudutsa pamasambapo injini ikulira, ndipo palibe amene anamuletsa. Ndikanatha kuchita chimodzimodzi. Ndinadziwa bwino lomwe kuti ndikazimitsa pamenepa, mwina ndazimitsa kotheratu. Ndinachita mantha, mantha enieni, ndipo ndinatembenuza kiyi.

Kukankha pamchenga kunali kwina. Mudziwo unali wautali, nyimbo inkamveka kutsogolo, kenaka pambali, kenaka kumbuyo. Nditadutsa masamba otulukira ndinakwera, ndinapeza pamene kiki imalimba, ndinaimirira, n'kugwa. Njinga sinandimenye n'komwe. Bondo linangopindika lokha, ndipo ndinapezeka ndakhala pamchenga. Ndinayesa ndi mwendo wamanzere, koma umenewo suidziwa ntchitoyi. Ndinaimika njinga pansi pa mlambe, ndipo posowa kolowera ndinatsimphina kubwerera kumaliro, n'kukakhala pakati pa amuna ngati mlendo aliyense wodzakhuza.

Ndinapita nawo kumanda, kumbuyo kwenikweni. Pobwerako mwamuna wina wamtali, wa jekete lakuda lomukulira, anachoka pakati pa abale ake n'kubwera kwa ine. Wapafupi nane anandinong'oneza kuti amenewo ndi a Thombozi, eni ake zovutazo.

"Ndinu a njinga yaikulu ija?" anandifunsa.

"Ndine, bambo. Pepani ndi zovutazi."

"Zikomo. Ndi akazi anga taika aja."

Tinayenda pang'ono, iwo akuchepetsa mayendedwe kuti afanane ndi anga.

"Ndinali m'nyumba, pafupi ndi bokosi," anatero. "Chiyambire m'mawa njinga zakhala zikungodutsa, zikulira, zikulira. Yanu ndinaimva ili kutali, ndinati iyi ndiye itigwetsera nyumba. Inabwera, inabwera, kenaka zii. Ndinadzutsa mutu. Sindikudziwani, achimwene, mayi aja simunawaonepo, koma ndinamva kuti wina waima chifukwa cha iwo."

Anafunsa chifukwa chimene ndinabwerera, ndipo ndinawauza za bondo. Anaitana adzukulu, amuna amene anakumba manda aja, dothi likadali m'miyendo. Anandikweza pachishalo n'kundikankha mothamanga, koma nditataya kilatchi gudumu linangokhukhuluzika pamchenga, injini osatembenuka. Tinayesanso mpaka onse anagwira m'mawondo akupuma mwawefuwefu. Ndinafunsa ngati pali mtsetse penapake, ndipo anayang'anana, mmodzi n'kunena kuti mtsetse amaumva kwa anthu opita kumapiri.

A Thombozi anavula jekete n'kupatsa munthu. "Ndionetseni poponda."

"Alamu, lero si tsiku lanu logwira ntchito," anatero mkulu wina.

"Chiyambire zovutazi ndangokhala, anthu akundigwirira chilichonse, ngakhale madzi akumwa. Ndisiyeni ndichiteko kanthu."

Mawu okana anali kale pakamwa panga, omwe aja ndinauza Che Twaibu ndi ena onse pa zaka zonsezo. Ndinayang'ana munthu uja, maso ofiira, malaya omangidwa mabatani molakwika, ndipo ndinachotsa dzanja pahandulo. Zinandiwawa ngati ndikupereka mwana.

"Imamenya, bambo," ndinawachenjeza. "Mukakayika pakati ikuthyolani."

"Indithyole chiyani china?"

Ndinagwada pamchenga ndi bondo labwinolo, ndinagwira phazi lawo ndi manja anga, n'kulitsitsa pang'onopang'ono mpaka kiki inalimba. Ndinawafunsa ngati akumva, anati akumva. Tinaidutsitsa pang'ono, tinabweza phazi m'mwamba, ndipo ine ndinasuntha. A Thombozi anagwa pa kiki ija ndi thupi lonse, ngati munthu amene tsiku limenelo analibe choopanso, ndipo njinga inalira.

Sanatsike msanga. Anakhala pachishalo manja ali pahandulo, injini ikuwagwedeza mapewa, misozi ikutsika osaipukuta. Ine ndinaima pambali ndikumva njinga yanga ikulira ndili pansi, chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo, ndipo inkalira bwino kuposa mmene ndinkadziwira.

"Ikugunda ngati chamoyo," anatero pomaliza.

Anatsika mosamala ataigwirizira, adzukulu awiri n'kundinyamulira mwendo kuudutsitsa pachishalo. A Thombozi anandipatsa chipewa changa.

"Musazimitsenso mpaka kumapiri, achimwene."

"Ndamva, bambo."

Mchenga unatha, msewu unalimbanso, ndipo ndinaika giya yomaliza. Mapiri a kutsidya anayamba kuonetsa mitengo yake, koma anali akadali kutali. Njinga inkayenda ngati yaiwala zonse, du, du, du, ndipo ine ndinkamva bondo likutupa m'buluku. Dzuwa litapendeka ndinaona mudzi wina kutsogolo, pamalo athyathyathya chimodzimodzi, ndipo pamsewu panali masamba aawisi, oyalidwa kumene.

Ndinazimitsa. Ndinatsika pang'onopang'ono, ndinavula chipewa, n'kuyamba kukankha. Podutsa pamtengo pamene panakhala amuna ndinawagwedezera mutu, iwonso anagwedeza, ndipo ndinkayang'ana miyendo yawo mmodzimmodzi, kusankha woti ndikamupemphe mwambo ukatha.